Ana a Bambo Wezulo

"Bwezerani makiyiwo pomwe mwawatengapo."

Kabakha anaima dzanja lili m'malere, makiyi akulendewera kuchala. Anali atalowa osaodira, n'kulunjika kuseri kwa chitseko, pamsomali umene mlendo sakanaudziwa. Chisamba, mwana woyamba wa m'nyumbamo, anali patebulo akupinda malaya a malemu bambo ake. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndi a kanyumba kosungira majekete, achemwali. Lero ndi Loweruka. Ikamakwana teni kukhala kutadzaza ana."

"Uchemwali umenewu unayamba liti?"

Kuchipinda kunamveka kutsokomola, kenako mawu a mayi awo, osasa chifukwa cholira masiku ambiri. "Musiye mwanayo atenge. Damu silidziwa kuti kuno kwagwa zovuta."

Kabakha anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. Asanatuluke analowa kukhitchini, natsegula kabati yachiwiri, natenga kapu yachitsulo yopindika chogwirira, namwa madzi ataimirira. Anaitsuka n'kuibwezera pamalo pake. Chisamba anaona zonsezi akuyang'ana cham'mbali. Iye dzulo lake anatsegula makabati atatu kufunafuna shuga, m'nyumba imene anakuliramo.

Bambo awo anagwira ntchito padamupo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Damulo linali la kampani ya madzi, ndipo ndi limene linkamwetsa tauni yonse, koma mbali imodzi, pomwe panali mchenga, kampani inkalola anthu kusambira ndi kukwera maboti Loweruka ndi Lamlungu. Malire ake chinali chingwe chomangidwa pa zigubu zachikasu. Kupitirira chingwecho kunali kuya, mitengo yomira, ndi nsanja ya mapaipi okoka madzi. Ntchito ya bamboyo inali kukhala pampando wautali ngati makwerero, kuonetsetsa kuti aliyense wokwera boti wavala jekete yoyandamitsa, ndi kuliza wezulo munthu akangokhudza chingwe. Dzina lawo lenileni linaiwalika. Ana ndi akulu omwe ankangoti Bambo Wezulo. Anaphunzitsa kusambira ana osawerengeka, koma a eni ake okhaokha. Kwa awo awiri, Chisamba ndi mlongo wake Mzime, lamulo linali limodzi: madzi a damu azilekeza mu akakolo.

Kabakhayo bambowo anamuvuula m'madzi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali mwana wa mayi wogulitsa zakumwa pageti, ndipo anatsatira mpira mpaka kupyola chingwe. Bambowo anamukoka ndi tsitsi, namupsinja pachifuwa mpaka anasanza madzi. M'mawa mwake kamtsikanako kanabweranso, kanaima pansi pa mpando wautali uja n'kunena kuti, "Ndiphunzitseni." Dzina la Kabakha linachokera pamenepo, chifukwa sankatulukanso m'madzi ngati bakha. Tsopano anali mayi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wothandizira wawo pantchito, ndipo ankawatcha bambo ngati kuti anam'bereka.

Kumanda kunadzaza anthu amene Chisamba anali asanawaonepo: asilikali, anamwino, azibambo a mimba zawo otsika m'magalimoto. Onse anadutsa m'manja mwa Bambo Wezulo ali ana, ndipo onse anafola kukagwira dzanja la Kabakha. Mayi wina wovala magalasi anakodola Chisamba kuti am'patse mpando, n'kumufunsa mwachifundo, "Nanga inu ndinu ndani wawo wa malemu?" Chisamba anangopereka mpandowo. Anali telala wa shopu yakeyake m'tauni, ulendo wa maola awiri pabasi, mayi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu amene sankaopa munthu. Koma funso limenelo linamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Masana a tsiku lomwelo la makiyi kunafika abwana a ku kampani, pagalimoto yoyera yolembedwa m'mbali. Anakhala pakhonde ndi mayi, Chisamba ndi Mzime, namwa tiyi mwaulemu. Kuchokera pamenepo damu linkaoneka lonse, ndipo phokoso la ana linkafika ngati la mbalame zambiri. Abwanawo anayamikira malemu kwa nthawi yaitali. Anati zaka zonsezo mkati mwa chingwe simunafe munthu ngakhale mmodzi. Kenako anaika kapu pansi, nayang'ana nsapato zawo.

"Mayi, nkhani ina ndi yovuta kuiyamba, koma wotumidwa salakwa. Nyumba ino imayendera limodzi ndi ntchito. Woyang'anira damu ayenera kugona pomwe akuona madzi. Kampani ikupatsani miyezi itatu."

Mayi anangogwedeza mutu ngati munthu amene ankadziwa kale.

"Ndiye alowe muno ndani?" anafunsa Chisamba.

"Sitinalembe kalata, koma maso athu ali pa mtsikana uja. Ali ndi setifiketi yopulumutsa anthu, ndipo madziwa amawadziwa ngati chikhato chake."

"Ntchitoyo atenga achimwene angawa."

Mzime anatsamwa ndi tiyi. Iye ankakonza mafoni pamsika wapafupi, ndipo ankakhalabe ndi makolo ake. Abwana anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amasambira?"

"Mwana wa Bambo Wezulo mukum'funsa ngati amasambira?"

Abwanawo anachita manyazi. "Pepani, mayi. Ndiye chilungamo chake n'chakuti Lachisanu onse awiri adzayesedwe. Kusambira mpaka chigubu chomaliza, n'kubwerera akukoka munthu. Setifiketi tingathe kum'thandiza pambuyo pake."

Galimoto itangotembenuka pageti, Mzime anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Achemwali, mwandipha. Ine ngakhale m'bafa ndimagwira khoma."

"Uli ndi masiku asanu. Ana a zaka zisanu ndi chimodzi amaphunzira, iwe ndevu zonsezo?"

"Koma ntchitoyo ine..."

"Ukufuna amayi akagone kuti? Ukufuna uja azidzagona pabedi la bambo athu, azidzamwera m'makapu athu, ife tizidzaodira pakhomo pano?"

Mayi anatolera makapu n'kulowa m'nyumba.

Dzuwa litapendeka Kabakha anabwera kudzabweza makiyi, tsitsi likudontha madzi, wezulo ili m'khosi. Inali wezulo yachitsulo ija, yosuluka pomwe milomo ya bambo awo inkakhudza. Chisamba anamutsekera njira pakhonde. Panali chinthu chimene ankafuna kufunsa chifikireni. Bambo anamwalira Lamlungu madzulo atangotseka damu. Anatsika pampando wawo, nakhala pamchenga, nati pachifuwa pathina, ndipo galimoto isanafike anatsirizika mutu uli pamiyendo ya Kabakha.

"Ananena chiyani pomaliza?"

Kabakha anayang'ana pansi. "Zinali za ntchito, achemwali."

"Ndakufunsani kuti ananena chiyani."

"Anati chigubu chachitatu chikulowa madzi, ndichisinthe chisanamize chingwe."

"Basi?"

"Basi."

"Sanatchule munthu? Amayi? Mzime?" Dzina lachitatu analimeza.

Kabakha anasisita makiyi ndi chala. "Ayi. Ndikanatha kunama kuti mtima wanu ukhale pansi, koma iwo bodza ankadana nalo."

"Usandiuze zimene bambo anga ankadana nazo, wamva?"

Anam'tsomphola makiyiwo n'kukawapachika yekha. Anaphonya msomali, makiyi n'kugwa pansi.

Lolemba damu linali lotseka. Chisamba sanafune kuti Kabakha aone Mzime akuphupha m'madzi ngati nkhuku yonyowa, choncho anamutengera kutsidya, kuseri kwa mitengo, kumene maso a aliyense sakanafika. Anayenda mphindi makumi awiri m'kanjira ka asodzi ozembera. Anadutsa chikwangwani chofiira cholembedwa kuti OSASAMBIRA PANO, chimene zilembo zake anazipaka penti ndi bambo awo omwe. Chisamba anachiona, nayang'ana kumbali.

Anali atamasula chingwe choyanikira zovala kuseri kwa nyumba. Anachimanga m'chiuno mwa mlongo wake, mbali inayo n'kuikulunga m'manja mwake. Mzime anali ataonera pafoni mmene anthu amatambasulira manja posambira, ndipo anayeserera pamtunda kangapo, akuseka kuseka kwa mantha.

"Ndikamira, foni ya mayi wa kubanki ija ili m'dirowa yachiwiri. Ndangotsala kuika galasi."

"Lowa, usandichedwetse."

Phazi loyamba madzi anafika m'mawondo. Lachiwiri anafika m'chiuno, ndipo Mzime anati pansi pali matope oterera. Anacheuka kuti anene kanthu kena. Phazi lachitatu silinapeze pansi.

Damu silikhala ngati mtsinje. Ndi chigwa chomizidwa, ndipo pamalo amenewo panali phompho. Mzime anazimirira ngati wakokedwa mwendo. Chingwe chinathamanga m'manja mwa Chisamba, chikumuwotcha zikhato. Anachigwira mwamphamvu n'kukoka. Mutu wa mlongo wake unatulukira, pakamwa pali yasa, maso ali tong'o, n'kumiranso. Anakokanso, koma chingwe chinali chitakola chinthu pansi, mwina nthambi. Anakoka ndi thupi lonse. Chinaduka, iye n'kugwa chagada m'matope.

Anadzuka n'kuthamangira m'madzi. Anamufika m'ntchafu, kenako m'mimba, ozizira pansi ngati a m'firiji. Atafika pachifuwa miyendo inakana. Anaiuza kuti iyende, koma inangouma. Patsogolo pake, pamtunda wa mikono itatu yokha, dzanja la Mzime linkamenya madzi. Chisamba anakuwa. Sanadziwe kuti akukuwa chiyani mpaka anadzimva yekha: ankaitana bambo ake.

Boti linatulukira kuseri kwa bango likuthamanga, nkhafi zikumenya mofulumira. Munali Kabakha, ndi chigubu chakale chachikasu chimene anali atangochichotsa pachingwe. Sanayembekeze kuti boti liime. Anavula jekete, nadumphira m'madzi, nazimirira, ndipo kwa nthawi imene Chisamba anaiona ngati chaka panalibe chooneka koma mafunde. Kenako mitu iwiri inatumphuka. Kabakha anali kumbuyo kwa Mzime, mkono wake utadutsa pansi pa chibwano, akusambira chagada, akumulankhula m'khutu ngati akutonthoza khanda.

Anam'kokera pamtunda, namugoneka cham'mbali. Mzime anatsokomola, nasanza madzi amatope, nasanzanso, kenako anayamba kupuma mokoka ngati mpope wotha. Kabakha anamugwira pamtsempha wa m'khosi, namuyang'ana m'maso, namasula kachingwe kotsala m'chiuno. Anakayang'ana kachingweko, natembenukira kwa Chisamba.

"Mumadziwa kuwerenga kapena ayi? Chikwangwani chija anaikira mbuzi? Chingwe choyanikira masiketi n'kumangira munthu wamoyo! Madzi awa alibe m'bale, mwamva? Akakutenga lero amadzakubweza Lachinayi, utafufuma, amako osakuzindikira!"

Chisamba anaima madzi akutsika m'diresi lake. Mawuwo ankawadziwa. Chala cholozacho ankachidziwa, ndi kupendeketsa mutuko, ndi "mwamva" wa kumapetoyo. Anali bambo ake enieni, akutuluka m'kamwa mwa mwana wa wogulitsa zakumwa. Anayenera kugwada n'kuthokoza, ndipo ankadziwa zimenezo. Koma chimene chinatuluka chinali china.

"Ngakhale ukali wawo anakusiyira iwe."

Kabakha anatsitsa chala. Anakhala pansi pamatope pomwepo. "Mukanangondiuza, achemwali. Ndikanawaphunzitsa ine, pamchenga paja, madzi a m'chiuno."

"Kuti adzakulande ntchito?"

"Kuti asafe."

Mzime anadzuka n'kukhala tsonga, akupukuta pakamwa ndi mkono. "Ntchitoyo sindikuifuna," anatero ndi mawu osasa. "Sindinaifunepo. Ine ndi wa mafoni, achemwali. Mukafuna nyumbayi sambirani nokha."

Anabwerera paboti, popeza Mzime sakanatha kuyenda. Kabakha anatola jekete yake ija n'kumuveka Mzime, natulutsa ina pansi pa mpando n'kuipereka kwa Chisamba. Chisamba anafuna kukana.

"M'boti muno salowa munthu wopanda jekete," anatero Kabakha, osamuyang'ana.

Anavala. Kanali koyamba m'moyo wake kukhala pamwamba pa madzi a damulo. Nyumba yawo inkaoneka yaing'ono kuchokera pakatipo, ndipo pakhonde panaima mayi awo, dzanja lili pachipumi.

Mayi sanakalipe. Anam'patsa Mzime tiyi wotentha wa shuga wambiri, namufunditsa bulangeti, napempha Kabakha kuti apite naye kuchipatala akamuone m'mapapo. Awiriwo atachoka, anakhazika Chisamba pampando wa kukhitchini, natenga botolo la mafuta, nayamba kum'paka m'zikhato momwe chingwe chinasupula khungu. Anapaka mosafulumira, chala chimodzichimodzi.

"Ukanandiphera mwana chifukwa cha makoma a kampani."

"Si makoma, amayi."

"Ndikudziwa kuti si makoma."

Chisamba anayang'ana manja akewo. Misozi imene inakana kutuluka kumanda inayamba kudontha pamafuta. "Anaphunzitsa dziko lonse. Ana a asilikali, ana a mahule, ana a anthu amene sankawapatsa n'komwe moni. Ife anatilakwira chiyani? Ndinkakhala pazenera ilo Loweruka lililonse, ndikuona akunyamula ana a eni ake m'manja, akuwaseka, akuwaombera m'manja. Ine ndikangoyandikira mchenga, wezulo. Ngati galu wolowa m'tchalitchi. Kusukulu ankandiseka, ati Chisamba wosadziwa kusambira."

"Anakuphunzitsapo."

"Liti?"

"Unali ndi zaka zinayi, sungakumbuke. Tinali tisanasamukire muno, iwo akadali wothandizira. Anakutengera pamchenga paja m'mawa, anthu asanabwere, ine nditaima pamtunda ndi thaulo. Anakugoneka pamadzi, dzanja lili kumsana kwako. Unkaseka. Ndiye pophunzitsa mwana, imafika nthawi yoti uchotse dzanja iye osadziwa. Anachotsa. Unamira pang'ono chabe, kumwa madzi kamodzi, n'kutsokomola. Zimene amachita mwana aliyense." Mayi anatseka botolo. "Bambo ako anakunyamula n'kuthamanga nawe mpaka kumsewu, akulira ngati mkazi. Munthu amene anali atavuula kale mitembo itatu osagwetsa msozi. Tsiku limenelo sanadye. Anati, 'Mayi a Chisamba, wa mwini ndimatha kum'siya. Wanga dzanja likukana.' Kwa Mzime sanayese n'komwe."

"Akanapempha munthu wina atiphunzitse."

"Ndinawauza. Anati wina ndiye ayi, sangakhale maso ngati iwo. Bambo ako anali munthu wamantha, mwanawe. Anthu ankaona kulimba mtima, ine ndinkaona mantha. N'chifukwa chake sanafe munthu mkati mwa chingwe chija."

Chisamba anapukuta mphuno ndi mkono. Nkhaniyo inalowa, koma sinazimitse moto wonse. "Komabe uja anawapeza bambo athunthu. Ife tinangotsala ndi kulira kwa wezulo."

Mayi anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ukuyesa nsanje unayamba ndiwe? Ine m'nyumba muno ndinali mkazi wamng'ono. Wamkulu ndi uyo wagona apoyo." Analoza damu ndi chibwano. "Tsiku lobadwa Mzime anandisiya pageti la chipatala chifukwa linali Loweruka. Pa ukwati wako anachoka zithunzi zisanathe. Mtsikana uja atayamba kubwera kudzadya muno, ndinkamugawira nyama yaing'ono dala, mpaka chaka chathunthu. Kenako ndinaona kuti ndi iye yekha amene ankachititsa bambo ako kufika kunyumba msana usakuwapweteka. Ndinayamba kumuikira yaikulu."

Chisamba anasintha nkhani. "Chipinda chakumbuyo kwanga ndachikonza kale. Ndichotsamo makina osokera awiri aja. Mukakhala bwino, msika uli pafupi, tchalitchi chili pafupi."

Mayi anapinda kansalu kopukutira, nakapindanso. "Kabakha anabwera kwa ine Lachisanu, abwana aja asanafike. Anati ntchito akam'patsa, chipinda changa sachikhudza. Iye azigona m'chako chija. Mzime akhale mpaka adzakwatire."

"Ndiye mwamuyankha chiyani?"

"Ndavomera."

Chisamba anabweza manja ake n'kuwaika pamiyendo. "Mwasankha iye."

"Ndasankha zenera langa. Ndadana nalo damuli zaka makumi atatu, ndipo pa msinkhu uno sindingayambe kufunafuna china chodana nacho. Iwe uzibwera. Khomo ndi lomweli."

"Ndizidzaodira."

"Uzidzaodira ukafuna. Iye saodira chifukwa amabwera tsiku lililonse."

Mawu amenewo anapweteka kuposa chingwe chija, chifukwa anali oona. Chaka chathachi Chisamba anabwera kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri anachoka atakangana ndi bambo ake pa nkhani zimene tsopano sankazikumbuka bwino.

Lachisanu Kabakha anayesedwa yekha. Anasambira mpaka chigubu chomaliza, nabwerera akukoka dalaivala wa abwana, bambo wonenepa amene ankangoseka njira yonse. Chisamba sanapite kumchenga. Anaonera pazenera lomwe lija, manja atakulungidwa mabandeji, ndipo anadzipeza akuwerenga mikono ya Kabakha mmene inkalowera m'madzi, yosalala, yosapupuluma. Anafunafuna cholakwika, sanachipeze. Madzulo Kabakha anabwera ndi kalata ya ntchito, naipereka kwa mayi ndi manja awiri. Mayi anaiwerenga, namukumbatira. Chisamba anati, "Zikomo chifukwa cha Lolemba lija," akuyang'ana khoma. Kabakha anati, "Musadandaule, achemwali," ndipo ulendo uno Chisamba sanafunse kuti uchemwaliwo unayamba liti.

Ananyamuka Loweruka cha m'ma leveni. Anatsanzikana ndi mayi ake pakhonde. Kumchenga kunali kutadzaza: mabasi awiri a ana asukulu, mabanja atayala nsalu pansi pa mitengo, maboti atatu akuzungulira ndi anthu ovala majekete ofiira. Kabakha anali pamwamba pa mpando wautali uja. Chisamba sanapite kukamutsanzika. Anati ali pantchito, asamusokoneze.

Mzime anam'nyamulira chikwama. Msewu wopita kokwerera basi unkakwera kaphiri kuseri kwa nyumba. Mzime ankatsokomolabe pang'ono. Atafika pakati pa chitunda, wezulo inalira kumbuyo kwawo, katatu, motalika.

Chisamba anapitiriza kuyenda. Mzime anaima.

"Achemwali, tacheukani."

"Wina wakhudza chingwe basi. Tiye, basi indisiya."

"Wina akakhudza chingwe amailiza kamodzi. Tacheukani."

Anacheuka. Pansipo ana onse ankatuluka m'madzi, ena akuthamanga, ena akukokana, aphunzitsi awo akuwakusa ngati nkhosa. Maboti atatu aja ankabwerera kumtunda. Posakhalitsa mkati mwa chingwe munalibe mutu ngakhale umodzi, madzi ali phee.

"Chachitika n'chiyani? Ng'ona?"

"Muno mulibe ng'ona." Mzime anatula chikwama pansi. "Bambo sankafulatira madzi muli munthu, ngakhale kwa mphindi imodzi. Ndiye inu mukamapita, ankatulutsa anthu onse. Ankawauza kuti ndi nthawi yopumitsa mapapo. Akatero ankatembenuka pampando paja n'kumakuyang'anani mpaka mwalowa m'basi. Anthu obwerabwera kuno ankadziwa. Akamva katatu ankati, mwana wa Bambo Wezulo akupita."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira muli ku sekondale yogonera komweko. Ulendo uliwonse. Ngakhale uja munachoka mutamenyetsa chitseko."

"Bwanji sunandiuze?"

"Anatiletsa. Anati mukadziwa muziona ngati akukukakamizani kucheuka." Mzime anakanda m'mutu. "Ndipo simunkacheuka, achemwali."

Chisamba anayang'ana kumpando kuja. Kabakha anali ataimirira pamwamba pake, atafulatira damu lopanda munthu, nkhope ili kuchitunda. Sanakweze dzanja, sanakodole. Anangoima, manja ali m'chiuno, monga ankaimira mwini mpandowo. Kumbuyo kwake ana makumi asanu ndi limodzi ankadikira pamchenga, akunjenjemera, akudumphadumpha.

Ngakhale ichi anachidziwa ndi Kabakha, Chisamba anaganiza, ndipo kamunga kaja kanamubayanso pakhosi. Koma sanachotse maso. Basi inatulukira pakona ikuliza hutala, kondakitala akukuwa dzina la tauni. Mzime ananyamula chikwama n'kuthamangira kukaiimitsa.

Chisamba anatsala pakati pa msewu. Anakweza dzanja lake lokulungidwa bandeji, pang'onopang'ono, mpaka pamwamba pa mutu, nalisiya pomwepo. Kenako anayamba kukwera chitunda chafutambuyo, nkhope ili kudamu, kondakitala akumenya chitseko cha basi kuti afulumire.